Zomera za M'madzi ndi Ulimi wa Nkhanu M'dera la Migodi la Bindura

Mawu olankhulidwa kwa alangizi a zaulimi ndi a zansomba



Funso limene labweretsa nkhaniyi ndi lalifupi, ndipo limachokera kwa anthu a m'makomboni a migodi. Kodi munthu amene wakumba kadamu kuseri kwa nyumba yake, kapena amene wapeza nkhuti yakale yodzaza madzi, angathe kuwetamo nkhanu? Nanga zomera za m'madzi zingamuthandize kukonza madziwo? Zomera zimathandizadi, ndipo pali dziko limene ulimi wonse wa nkhanu udakhazikika pa zomerazo. Komabe pali zoipa zina za m'madzi a ku migodi zimene chomera chilichonse sichingachotse, ndipo mlangizi wosadziwa malire amenewa angathe kudwalitsa banja lomwe amafuna kulithandiza.

Dera lake ndi anthu ake

Tauni ya Bindura ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 90 kumpoto chakum'mawa kwa Harare, m'chigwa cha mtsinje wa Mazowe, ndipo ndi likulu la chigawo cha Mashonaland Central. Tauniyi idabadwa ndi mgodi. Poyamba inkatchedwa Kimberley Reefs, dzina la mgodi wa golide, ndipo dzina loti Bindura idalitenga mu 1913. Mgodi wa Trojan udayamba kutulutsa nickel m'zaka za m'ma 1960, wa Freda Rebecca udayamba kutulutsa golide mu 1988, ndipo chakum'mawa kuli mgodi wakale wa golide wa Shamva. Madzi onse a m'chigwachi amathera mu Mazowe, amene amawolokera ku Mozambique, n'kukumana ndi Luenha, n'kukathira mu Zambezi kumunsi kwa Tete. Choncho chimene chalowa m'madzi ku Bindura chimakafika m'mitsuko ya anthu a dziko lina.

Ambiri mwa anthu amene adagwira ntchito m'migodi imeneyi adachokera ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique. Ena adabwera wapansi kudzera ku Tete, ena adabwera ndi Mthandizi. Adatchona, ndipo ana ndi adzukulu awo akadalankhulabe Chichewa m'makomboni, gule wamkulu akadatulukabe pa maliro. Chofunika kwa mlangizi ndi chakuti mabanja ambiri otere alibe mudzi wa makolo m'dziko la Zimbabwe kumene angakalime akapuma ntchito. Pamene mgodi wa Trojan udaimitsa ntchito mu 2008, ndiponso pamene kampani yake idalowanso m'mavuto mpaka kuikidwa m'manja mwa woyang'anira wosankhidwa ndi boma mu 2024, malipiro adasokonekera koma anthu sadachoke, pakuti adalibe kolowera. Anthu otere amalima timadimba m'mphepete mwa timitsinje, amawedza m'maiwe apafupi, ana amagwira nkhanu pansi pa miyala. Madzi amene ali nawo pafupi ndi omwewo otsika kuchokera ku milu ya zotsalira za mgodi. Mlangizi akapanda kuwayankha bwino, iwo adzapitiriza ndithu, koma mosadziwa.

Nkhanu zake ndi ziti

Nkhanu za m'mitsinje ya kuno kum'mwera kwa Africa ndi za mtundu umene akatswiri amautcha Potamonautes. Zili ndi ubwino umodzi waukulu kwa mlimi. Nkhanu yaikazi imafungatira mazira ake kumimba, ndipo ana amaswa ali kale tinkhanu tathunthu, amake n'kuwasungabe masiku angapo asanawataye. Motero sipafunika madzi a mchere kapena nyumba yoswetsera. Kuipa kwake n'kwakuti mazira amakhala ochepa, nkhanu zimakula pang'onopang'ono, zimadyana zokhazokha, zimaboola khoma la damu ndipo usiku zimatuluka n'kumapita. Nkhanu imakula mwa kufundula chigoba. Pa masiku amene chigoba chatsopano chili chofewa, nkhanuyo ilibe chodzitetezera, ndipo imadyedwa ndi inzake, ndi mlamba, ndi ng'azi, kapena ndi katumbu, amene nkhanu ndiye nsima yake.

Ulimi wa nkhanu za m'madzi opanda mchere wa malonda aakulu uli ku China. Kumeneko amaweta nkhanu yotchedwa Eriocheir sinensis, ndipo m'zaka zaposachedwapa akhala akukolola matani pafupifupi 800,000 pa chaka, gawo lalikulu kuchokera m'chigawo cha Jiangsu. Nkhanu imeneyi siyenera kubweretsedwa kuno. Imaswana m'madzi a mchere okha, komanso kumene idapulumukira, monga ku Germany kuyambira 1912, mumtsinje wa Thames ndi ku San Francisco, idagumula magombe ndi kusowetsa mtendere asodzi. Chigawo chino chidalandira kale phunziro lake: nkhanu yaitali ya ku Australia yotchedwa redclaw idapulumuka m'manja mwa oweta kumbali ya Zambia kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndipo idadzaza m'nyanja ya Kariba ndi mumtsinje wa Kafue, kumene imadya nsomba zokodwa m'maukonde a asodzi. Chimene mlangizi angatenge ku China ndi nzeru ya kasamalidwe ka madzi, nkhanu zikhale zakomwekuno.

Mlimi wa ku Jiangsu amayamba wabzala udzu wa m'madzi nkhanu zisanalowe m'damu. Amasakaniza mitundu itatu, Elodea, Hydrilla ndi Vallisneria, chifukwa woyambawo umakula nyengo yozizira koma umafooka kukatentha, pamene iwiri inayo imalimba m'chilimwe. Amafuna kuti udzu uphimbe pafupifupi theka la damu kapena kupitirira pang'ono, ndipo amasiya mipata yoti madzi ndi nkhanu ziziyendamo. Kutentha kukamayandikira amadula nsonga kuti udzu ukhale pansi pa madzi, usayandame n'kuvunda. Ntchito yaikulu ya mlimi wotere imathera pa udzu, ndipo kukula kwa nkhanu kumatsatira.

Zimene chomera chimachita m'damu

Zomera za m'madzi sizigwira ntchito imodzi, ndipo kusokoneza mitundu yake ndi kumene kumagwetsa alimi ambiri.

Zomera zomira, zimene masamba ake amakhala pansi pa madzi, ndizo za m'damu la nkhanu lenilenilo. Masana zimatulutsa mpweya wa okosijeni m'madzi momwemo. Zimayamwa ammonia ndi phosphorus wochokera ku ndowe ndi ku zakudya zotsala, zomwe zikadapanda kutero zikadadyetsa ndere. Mizu yake imagwira matope kuti madzi asavunduke, masamba amapereka mthunzi, ndipo koposa zonse nkhanu yofundula imapeza pobisala. Nkhanu zimadyanso masambawo pamodzi ndi tizilombo tokhala pa iwo. Palibe chifukwa choitanitsa mbewu kunja. Vallisneria, udzu wa masamba aatali ngati riboni, ulipo m'nyanja za Kariba ndi Malawi. Lagarosiphon ndi Potamogeton zimapezeka m'madamu ndi m'mitsinje ya Zimbabwe. Mlimi atenge zochepa ku damu loyera lapafupi, azitsuke bwino, aziyang'ane kuti zilibe nkhono kapena mazira ake, n'kuzibzala m'mizere madzi adakali ofika m'mawondo, kenaka aziwonjezera madzi pamene udzu ukukula.

Pali chinthu chimodzi chimene alimi savomereza msanga. Chomera chomwe chimapereka mpweya masana chimaulanda usiku, pakuti nachonso chimapuma. Damu lodzaza udzu kotheratu limakhala ndi mpweya wochuluka madzulo, koma m'bandakucha mpweya umatsika kwambiri, makamaka mu Okutobala ndi Novembala pamene madzi ndi ofunda ndi ochepa. Nkhanu zikamakwera pa udzu kapena kutulukira kumtunda zambirimbiri tambala woyamba atalira, zikusowa mpweya. N'chifukwa chake mlangizi wofika pa damu dzuwa lili paliwombo sawona vuto lililonse, ndipo amalemba lipoti labwino la damu lodwala. Damu limayenderedwa mmamawa. Komanso udzu ukachuluka, pH imakwera masana, ndipo ammonia amene ali m'madzi amasanduka woopsa kwambiri pa nthawi yomweyo. Mankhwala ake ndi chikwakwa: udzu usapitirire magawo 6 mwa 10 a damu, ndipo wodulidwa utulutsidwe tsiku lomwelo. Madzi abwino a nkhanu amakhala ndi pH ya pakati pa 7 ndi 8.5, mpweya wa mamiligalamu 5 pa lita kapena kupitirira, ndi calcium wokwanira kuumitsa chigoba. Laimu wa m'munda, wothiridwa pansi pa damu lisanadzazidwe, amathandiza pa pH ndi pa chigoba pomwe.

Zomera zoyandama ndi nkhani ina. Namasupuni amayamwadi zonyansa ndi zitsulo mwamphamvu, ndipo mabuku ambiri amamutama. Koma aliyense amene adawona nyanja ya Chivero m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, kapena mtsinje wa Shire pa Liwonde ndi zinyalala zotsekereza makina a magetsi ku Nkula, akudziwa malipiro ake. Amaphimba madzi, kuwala sikulowa, udzu womira umafa, mpweya umatha. Malamulo a Zimbabwe amamuwerengera m'gulu la zomera zoipa zoyenera kuwonongedwa. Chimodzimodzi Salvinia, amene kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 adaphimba pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5 a nyanja ya Kariba. Mlangizi asalimbikitse zomera ziwirizi ngakhale pa kadamu kakang'ono, chifukwa mvula imodzi yamphamvu imakwanira kuzikokolera mu Mazowe. Kachomera kakang'ono koyandama kotchedwa Lemna kali ndi malo ake: ku Nemanwa ndi ku Gutu, m'chigawo cha Masvingo, kadayesedwa pa maiwe a zonyansa za m'tauni chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Kamathandiza pa madzi a manyowa ambiri, ndipo m'damu la madzi oyera kangasungidwe pakona, kotchingidwa ndi nsungwi, ngati chakudya.

Zomera zoima, monga bango, njedza, gumbwa ndi mlulu, malo ake ndi kunja kwa damu, panjira imene madzi amadzera. Apa ndi pamene nkhani ya Bindura ikusiyana ndi ya ku Jiangsu.

Madzi a ku migodi

Mlimi wa ku China amalimbana ndi zonyansa zimene nkhanu zake zomwe zapanga. Mlimi wa ku Bindura amalandira madzi oipitsidwa kale asanafike pa damu. Miyala ya m'migodi ya golide ndi nickel imakhala ndi sulfure. Ili pansi pa nthaka sivuta, koma ikafukulidwa, n'kuperedwa, n'kuunjikidwa pamtunda, mpweya ndi mvula zimaisandutsa asidi, ndipo asidiyo amasungunula zitsulo: chitsulo chenicheni, nickel, mkuwa, mtovu ndi arsenic. Ntchito imeneyi siima mgodi ukatsekedwa. Imapitirira zaka makumi ambiri.

Chigwa cha Mazowe chili ndi chitsanzo chodziwika pa dziko lonse. Pa mgodi wa Iron Duke, kumtunda kwa chigwachi, kafukufuku wofalitsidwa mu 2000 adapeza madzi a pH yosafika 1, ndipo madzi a m'deralo amatsikira mu kamtsinje ka Yellow Jacket kamene kamathira mu Mazowe. Madzi otere aliyense amawaopa, pakuti ndi ofiirira ndipo m'mphepete mwake simumera kanthu. Oopsa kwa mlimi ndi a mtundu wina. Akatswiri a miyala a ku University of Zimbabwe, amene pakati pa 2004 ndi 2006 adafalitsa zotsatira za kuyeza madzi ozungulira milu ya zotsalira ya ku Madziwa ndi ku Trojan, adasonyeza kuti madzi a ku Trojan sadali a asidi kwenikweni, komabe adali ndi sulphate ndi nickel. Madzi angathe kukhala oyera mbee, kapepala koyezera pH n'kusonyeza 7, koma ali ndi chiphe. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pamwamba pa izi pali mankhwala a okumba golide. Cyanide amapha nkhanu ndi nsomba pa maola ochepa ngakhale ali wochepa zedi, ngakhale kuti dzuwa ndi mpweya zimamuwononga pakapita nthawi. Mercury, amene okumba ang'onoang'ono amagwirira golide m'mbale, sawonongeka konse. Dziko la Zimbabwe lidavomereza pangano la Minamata loletsa kumwaza mercury mu 2021, ndipo mu 2024 boma lidaletsa kukumba golide m'mitsinje, koma mercury amene adagwera m'matope zaka zapitazo akadali momwemo.

Nkhanu imakhala pansi, imakumba matope, imadya zovunda. Chilichonse chodikha m'madzi chimaipeza. M'zaka za m'ma 1990 akatswiri a ku Johannesburg adayeza nkhanu za mtundu wa Potamonautes warreni zogwidwa m'madzi olandira zotayidwa za migodi ndi mafakitale, monga mu Natalspruit, ndipo adapeza kuti zimasunga zitsulo m'ziwalo zopumira, m'chiwindi ndi m'chigoba. N'chifukwa chake akatswiri amagwiritsa ntchito nkhanu ngati muyeso wa kuipa kwa mtsinje. Nkhanu ingathe kukhala yamoyo, yonenepa, koma yosayenera kulowa mumphika. Kuphika kumapha tizilombo, sikuchotsa arsenic kapena mercury.

Dambo lochita kupanga

Makolo adadziwa kale kuti madzi otuluka kumunsi kwa dambo ndi oyera kuposa olowa kumtunda. Akatswiri a migodi a ku Ulaya, ku America ndi ku South Africa adatengera nzeru yomweyo, ndipo amamanga madambo dala kuti azisefa madzi. Mlimi angachite zomwezo pa muyeso wake. Madzi ayambe alowa m'kadziwe kodikhitsira matope. Kuchoka apo adutse m'ngalande yoyalidwa miyala ya laimu ngati ali ndi asidi pang'ono. Kenaka alowe m'bwalo lotakata koma losaya, madzi osapitirira masentimita 30, lobzalidwa njedza ndi bango mothithikana, pansi pake pali manyowa ovunda osakaniza ndi dothi. M'mbali mubzalidwe vetiva kuti agwire nthaka. Madzi aziyenda mokhotakhota, akhale m'menemo masiku angapo, ndipo pokhapo alowe m'damu.

Ndi bwino mlangizi amvetse chimene chimachitika m'dambomo, chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti bango limamwa chiphe n'kuchithetsa. Gawo limene chomera chimayamwa ndi laling'ono, ndipo lambiri limatsalira ku mizu. Ntchito yaikulu ya chomera ndi kuchedwetsa madzi ndi kukonza malo. Madzi akafatsa, matope amadikha pamodzi ndi zitsulo zomatirira pa iwo. Pamwamba, pamene pali mpweya, chitsulo chosungunuka chimasanduka dzimbiri n'kugwa, ndipo pogwa chimakoka arsenic. Pansi, m'matope akuda opanda mpweya, tizilombo ta bakiteriya todya masamba ovunda timasandutsa sulphate kukhala sulphide, amene amamanga nickel, mkuwa ndi mtovu kuti zisasungunukenso. Mizu imatsitsira mpweya pang'ono m'matopemo, ndipo masamba akufa ndiwo chakudya cha tizilomboto.

Tanthauzo lake n'lakuti zitsulo sizitha ayi. Zimangosamuka m'madzi kupita m'matope a dambolo, ndipo dambo limasanduka nkhokwe ya chiphe. Pa mfundo imeneyi pakutuluka malangizo amene sayenera kuiwalika. Dambo lisaume, chifukwa matope akuda akakhudzana ndi mpweya amabweza asidi ndi zitsulo zonse nthawi imodzi. Chilala chonga cha 2023 mpaka 2024 chimaumitsa madambo otere, ndipo mvula yotsatira imatsuka zimene zidasungidwa zaka zambiri. Matope a m'dambo asathiridwe m'dimba, ngakhale akuoneka achonde chotani. Njedza ndi bango zodulidwa m'menemo zisadyetsedwe mbuzi, akalulu kapena nkhanu, zisapangidwe kompositi wa ndiwo zamasamba, ndipo phulusa lake lisachezedwe chidulo. Zikwiriridwe pamalo okwera, kutali ndi chitsime. Nkhanu zolowa m'dambo zokha zisagwidwe kuti zidyedwe, ndipo ana auzidwe zimenezi mobwerezabwereza, pakuti ndiwo amazigwira.

Pa mercury dambo silithandiza, ndipo lingathe kuipitsa zinthu. Bakiteriya omwe aja omanga nickel amasandutsa mercury kukhala methylmercury, mtundu umene umalowa mosavuta m'mnofu wa nkhanu ndi nsomba, n'kumachuluka pamene chamoyo china chadya chinzake. Umawononga ubongo ndi mitsempha, makamaka ya mwana amene ali m'mimba. Choncho kumene kumtunda kuli otsuka golide kapena chigayo cha miyala, yankho la mlangizi likhale limodzi: madzi amenewo saweteramo chakudya, kaya pali dambo kaya palibe. Chimodzimodzi nkhuti zakale za migodi, maiwe a m'munsi mwa milu ya zotsalira, ndi madzi alionse a pH yochepera 5, amene ngakhale njedza zimavutika kumeramo. Kukana kotere kumawawa kwa munthu amene wakumba kale damu ndi khasu lake, ndipo mlangizi amene wakana ali ndi ngongole yomuthandiza kupeza madzi ena: a mvula ochokera pa denga ndi pa mtunda woyera, a kasupe wa kumtunda kwa mgodi, kapena a mjigo woyezedwa.

Nyengo yoopsa kwambiri ndi ya mvula yoyamba. M'chilimwe, pa milu ya zotsalira ndi m'mphepete mwa ngalande pamachita zoyera kapena zachikasu ngati mchere. Umenewo ndi mchere wa zitsulo, ndipo mvula ya Novembala imausungunula wonse tsiku limodzi. Mlimi atseke polowera madzi mvula yoyamba isanagwe, akumbe ngalande yopatutsa madzi othamanga, ndipo atsegule mtsinje utadzitsuka kangapo.

Kuyeza madzi

Maso, mphuno ndi kapepala ka pH zimathandiza kukana madzi, koma sizikwanira kuwavomereza. Kuika nkhanu zingapo m'mono kwa sabata imodzi kumasonyeza ngati madzi akupha, osati ngati nkhanuzo n'zodyeka. Madzi, matope ndi nkhanu zomwe ziyenera kupita ku labotale. Bungwe la Environmental Management Agency, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2002 losamalira chilengedwe, lili ndi labotale ku Harare ndi ofesi ku Bindura, ndipo Bindura University of Science Education ili m'tauni momwemo. Mtengo wake ndi wolemera kwa munthu mmodzi, koma kalabu ya alimi otunga pa kamtsinje kamodzi ingathe kusonkherana. Madzi atungidwe kawiri pa chaka, kumapeto kwa chilimwe ndi pambuyo pa mvula yoyamba, polowera ndi potulukira dambo, kuti zioneke ngati dambo likugwira ntchito. Poyerekeza, malire a bungwe la WHO pa madzi akumwa ndi mamiligalamu 0.01 a arsenic ndi 0.07 a nickel pa lita. Za chilolezo chotunga madzi mlimi akafunse ku ZINWA ndi ku khonsolo yoyang'anira madzi a chigwa cha Mazowe.

Nkhono ndi likodzo

Alimi a ku China amathira nkhono m'madamu dala kuti nkhanu zizidya. Mlangizi wowerenga zimenezi asazikopere. Kuno nkhono za mitundu ya Bulinus ndi Biomphalaria ndizo zimasunga tizilombo ta likodzo, ndipo malo amene zimakonda ndi omwewo amene mlimi wauzidwa kuti akonze: madzi ofatsa, osaya, odzaza udzu. Likodzo ndi lofala kale ku Mashonaland Central. Kafukufuku wa ku Senegal wofalitsidwa mu 2023 adasonyeza kuti kuzula udzu womira wotchedwa Ceratophyllum pa madooko kudachepetsa nkhono ndi likodzo mwa ana a sukulu. Udzu umenewu ulipo kuno, umakula msanga ndipo ndi wokopa kwa woweta, koma pa chifukwa chimenechi ndi bwino kuusiya.

Nkhanu zimadya nkhono, zimenezo n'zoona, koma sizimaliza. Chitetezo chenicheni ndi kudula ulendo wa matendawo. Chimbudzi chikhale kutali ndi kumunsi kwa damu, damu litchingidwe kuti ana asasambiremo, wodula udzu avale majombo ndipo agwiritse ntchito chikwakwa cha mpini wautali ali kumtunda, ndipo banja lizilandira mankhwala a likodzo pamene a zaumoyo akugawa. Zipatso za chomera chimene a Chishona amachitcha gopo, chomwe a Blair Research Laboratory ku Harare adachiyesa pophera nkhono, zimaphanso nsomba, motero sizithiridwa m'damu loweteramo. Nkhanu ziphikidwe mpaka zipse. Ku Nigeria ndi ku Cameroon anthu amadwala nyongolotsi za m'mapapo chifukwa chodya nkhanu zosapsa.

Poyambira

Kumene madzi ayezedwa n'kupezeka abwino, mlimi ayambe ndi kadamu kamodzi ka mamita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi, kakuya mita imodzi pakati, ka m'mbali mosaya. Khoma likhale lotakata ndi lotsenderedwa bwino, chifukwa nkhanu zidzaliyesa. Kuzungulira damu kuikidwe mpanda wosalala wa malata akale kapena pulasitiki wolimba, wotalika theka la mita ndi wokwiriridwa pansi, wopanda ngodya zokwererapo. Pansi paikidwe miyala, zidutswa za mapaipi ndi mbiya zosweka kuti nkhanu iliyonse ipeze nyumba. Udzu ubzalidwe milungu ingapo nkhanu zisanabwere. Nkhanu zitengedwe kumtunda kwa migodi, za msinkhu wofanana, ndipo zikhale zochepa, pakuti zikathinana zimadyana mpaka kutsala zimene malo angakwanitse. Chakudya chake ndi madeya, masamba ndi zotsala za nsomba, choperekedwa madzulo pa mbale yomizidwa kuti mmawa zioneke ngati chatha. Manyowa asathiridwe ambiri monga m'damu la chambo, chifukwa madzi akabiriwira ndi ndere udzu womira umafa. Chilunguni chisalowemo, pakuti chimadya udzu mpaka kuumaliza. Ndipo popeza nkhanu ndi pachibale ndi tizilombo touluka ndi tokwawa, mankhwala a thonje, a fodya ndi a dibi ya ng'ombe amaipha msanga kuposa nsomba. Sipuleya isatsukidwe pafupi.

Mlangizi asalonjeze chuma. Msika wa nkhanu za m'mitsinje ndi waung'ono, ndipo pali mabanja ndi mipingo imene sidya nkhanu konse. Phindu loyembekezeka ndi ndiwo za pakhomo, chakudya cha nkhuku kuchokera ku zigoba zosinja, ndi dambo limene madzi ake angathirirenso dimba ndi damu la nsomba. Mu Juni ndi Julayi madzi a ku Bindura amazizira, nkhanu zimadya pang'ono ndipo sizifundula kawirikawiri, choncho chakudya chichepetsedwe. Mlimi apatsidwe kabuku kolembamo tsiku limene adabzala udzu, chiwerengero cha nkhanu zolowa, zigoba zofundulidwa zimene wapeza, nkhanu zakufa, ndi tsiku la mvula yoyamba. Mlangizi aziwerenga kabukuko pa ulendo uliwonse, ndipo zotsatira za ku labotale azimatirize pa tsamba loyamba.